A Ndikafunse, Amayi Awo, ndi Filimu Yopanda Mizukwa

Mumsewu mwathu munalibe wodziwa dzina lenileni la bambo wokonza masofa uja. Tonse tinkawatchula kuti a Ndikafunse, ndipo eni akewo ankavomera. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukawaitana ku ukwati, ukawafunsa ngati mpando wako ukhale utatha pofika Loweruka, ngakhale ukawapatsa nthochi, yankho linali limodzi: "Ndikafunse kaye amayi." Ankanena zimenezi akumwetulira, munthu wa imvi kale m'mbali mwa makutu, wa manja akuluakulu odzaza zipsera za misomali.

Shopu yanga ya nsalu inagundana ndi yawo, ndipo nsalu zokutira mipando ankagula kwa ine, ndiye ndinawadziwa kuposa ena. Anali mmisiri weniweni. Sofa yobwera itaphwasuka, masipiling'i ali panja, siponji itadyedwa ndi makoswe, inkatuluka ngati ya m'sitolo. Pogwira ntchito ankaika timisomali m'kamwa n'kumatulutsa kamodzikamodzi ndi lilime. Ometa tsitsi a patsidya ankaseka kuti timisomalito anatiyamba dala kuti asamayankhe mafunso.

Kumbuyo kwa shopuyo, kuseri kwa milu ya siponji, kunali mpando umodzi wobiriwira umene sunali wa kasitomala aliyense. Unali wa amayi awo, amene tonse tinkawatchula kuti Amama. Ankabwera limodzi m'mawa uliwonse, mwana atanyamula chikwama cha mayi, mayi atagwira chigongono cha mwana. Amama anali ochepa thupi, aukhondo, onunkhira sopo, a mawu otsika moti kuti umve unkachita kuwerama. Sindinawamvepo akukalipa. Ana ankawagawira maswiti, odwala ankawafunsa mmene agonera, ndipo azimayi a mumsewumo ankauza ana awo aamuna kuti, "Tamuoneni mnzanu mmene amasamalira mayi ake."

Ine ndinkamva zina, chifukwa khoma la pakati pathu linali la matabwa.

"Wamwa madzi?"

"Ndamwa, amayi."

"Sindinakuone."

Kenako ndinkamva madzi akuthiridwa m'kapu.

"Mayi uja wabweretsa mpando wofiira, umaseka naye chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Palibe, koma mano onse ali panja. Chabwino. Mtima wanga wayambanso kuthamanga. Tabwera undigwire apa."

Zikatero hamala inkasiya kulira mpaka madzulo.

Mbiri yawo ndinaitola pang'onopang'ono, akamabwera kudzasankha nsalu Amama akuwodzera. Anabadwa okha kwa mayi awo. Bambo awo, amene anayamba shopuyo, anachoka mwana akukwawa ndipo sanabwererenso. A Ndikafunse ali mnyamata anakhoza mayeso opita ku sukulu ya zamakina mumzinda wina. Katundu atamangidwa, Amama anagwa pakhitchini. Anagona osadya, osayankhula, mpaka sukulu inatsegulira popanda iye ndipo malo ake anapatsa wina. Mawa lake anadzuka n'kuchapa makatani a m'nyumba monse.

Anandiuzanso za chitseko. Tsiku lina, mawu atangoyamba kukula, anatseka chitseko cha kuchipinda kwake pofuna kusintha zovala. Pobwera kusukulu anapeza chitsekocho chitachotsedwa, mahinjesi okha atatsala pafelemu. "M'nyumba ya anthu awiri chitseko n'chachiyani?" anatero Amama. Kuyambira pamenepo chipindacho chinakhala chapululu. Tsitsi ankawameta ndi Amama, zikhadabo ankawawenga ndi Amama, kumapeto kwa sabata iliyonse, kuyambira ali mwana mpaka imvi zimene ndanena zija.

Mkazi anapezekapo kamodzi, wogulitsa mankhwala ku famase ya pakona. Nkhani yake anandiuza yekha. A Ndikafunse anamutengera kunyumba Lamulungu masana. Amama anamulandira ndi manja awiri, anamuphikira, anamupatsa mpando wabwino kuposa yonse. Kunali kotentha, wakhuta, ndiye tulo tinamuba. Podzidzimuka anapeza Amama atamuweramira ndi tepi yoyezera nsalu, mbali ina ataigwirizira pachidendene chake, ina pamwamba pa mutu.

"Ndimafuna ndikusokere diresi, mwanawe."

"Diresi amayeza kuyambira pamutu, amayi?"

Amama anangopinda tepi yawo bwinobwino n'kumufunsa ngati angamwenso tiyi. Mkazi uja sanapondekonso pakhomo paja, ndipo chaka chisanathe anapempha kuti amusamutsire ku famase ina.

Moyo unayenda choncho mpaka a Ndikafunse atayandikira zaka makumi asanu. Ndiye kunabwera wafilimu.

Anayamba walowa mushopu mwanga, mkazi wochepa thupi, wa tsitsi lalifupi, wovala buluku la matumba ambiri. Ankafuna nsalu zofwifwa, zimene dzuwa ladya, zija ine ndimabisa pansi pa kauntala. Anati ndi za filimu imene akutsogolera.

"Filimu yanji?" ndinafunsa.

"Yoopsa."

"Ya mizukwa?"

"Ayi. Mulibe mzukwa, mulibe wothamangitsa mnzake ndi chikwanje. Muli mayi, mwana wake wamwamuna, ndi nyumba."

"Ndiye choopsa n'chiyani? Kapena ndi filimu zanu zija zoti munthu amasenda mbatata mpaka oonera kugona?"

Anaseka n'kuti, "Zomwezo. Koma sagona."

Ankafunanso sofa yooneka yotopa, ndiye ndinamuperekeza kwa a Ndikafunse. Ali mkati mofotokoza kuti akufuna mpando wodikha pakati, ngati munthu mmodzi wakhalapo moyo wake wonse, kuseri kwa siponji kunatuluka mawu aja.

"Wayimirira nthawi yaitali. Miyendo itupa. Khala pansi."

A Ndikafunse anakhala pomwepo, pafelemu ya matabwa yopanda khushoni, osayang'ana n'komwe chimene akukhalira. Wafilimu uja anazungulira mulu wa siponjiwo pang'onopang'ono, n'kuima kutsogolo kwa mpando wobiriwira uja.

Anali naye kale wosewera mbali ya mayi, katswiri wodziwika, koma ankadandaula kuti amakuwa, amatuzula maso, ndipo sachititsa mantha ngakhale mphaka. Wafilimuyo anabwera kangapo, akucheza ndi Amama, kenako anawapempha kuti asewere ndi iwo.

"Ine ndine nkhalamba, sindidziwa kanthu," anatero Amama. "Funsani mwana wanga. Ndiye mwamuna wa pakhomo."

Tonse tinatembenukira kwa a Ndikafunse. Sindikhulupirira kuti anafunsidwapo chinthu chachikulu chotero. Analavulira timisomali m'dzanja, anatiyang'ana, n'kuti, "Apite." Pambuyo pake anandiuza kuti za filimuzo sanaziganizire ngakhale pang'ono. Ankangoganiza za masana onse amene adzakhale okha.

Wafilimu ataona nyumba yawo, makamaka chipinda chopanda chitseko chija, anati palibe chowonjezera, ajambulira momwemo. Choncho m'mawa galimoto inkafika kunyumbako ndi magetsi ndi mawaya, ndipo a Ndikafunse ankabwera kushopu okha, manja ali lende ngati aiwala china chake.

Masiku oyamba sanasinthe kanthu. Ankamwa madzi nthawi yake, ankakhala pansi nthawi yake. Kenako anagula kawailesi. Tsiku lina anakadya kulesitilanti ya pakona, ndipo anayang'ana zakudya nthawi yaitali moti woperekera zakudya anawafunsa ngati akufuna kugula lesitilanti yonseyo. Kenako anawoloka msewu n'kukakhala pampando wa ometa. Atatuluka analowa mwa ine akugwiragwira m'khosi.

"Achemwali, taonani."

Ometa aja anali atakhotetsa mzere wa kumbuyo, koma sindinawauze. Nkhope yawo inali ya mwana amene wavala nsapato zatsopano.

Mawa lake anabwera atazizira. Anati Amama anangowayendetsa chala kumbuyo kwa khosi n'kunena kuti, "Wakucheka apa," basi. Sanadwale. Mtima sunathamange. Anadya bwino, akuimba motsitsa potsuka mbale.

"Nanga si zabwino zimenezo, achimwene?"

"Amayi sanasiyepo nkhani osadwala," anatero. "Sindikudziwa kuti akuisungira chiyani."

Wosewera mbali ya mwana anali wazisudzo wina wamtali, wa chiseko chomveka kutsidya kwa msewu. Anali ndi mkazi ndi mwana wamkazi wamng'ono, ndipo zithunzi zawo ankaonetsa aliyense pafoni, wofuna ndi wosafuna yemwe. Wafilimu anamutuma kuti azibwera kushopu kudzaphunzira a Ndikafunse. Ankakhala pasofa yong'ambika akuwayang'anitsitsa.

"Achimwene, mukamayenda mumapendekera kumanzere bwanji?"

"Sindikudziwa."

"Ndi mbali imene mumanyamulira chikwama cha Amama."

Anabwereka malaya awo awiri. Anaphunzira kaweramitsidwe ka mutu, kumwetulira kuja kopepesa, ngakhale kusunga timisomali m'kamwa, mpaka anameza kamodzi tonse n'kuseka. Mayi ake enieni anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo ankanena zimenezi mopepuka, ngati nkhani ya munthu wina. "Koma amayi anuwa ndi golide," ankatero. "Dzulo andisokera batani malaya ndili chivalire. Ine sanandichitirepo munthu zimenezo."

A Ndikafunse anakhoma msomali pamene panali kale msomali wina.

Masana ena wafilimu anatumiza uthenga kuti mwendo wa sofa ija wathyoka. Ine ndinali ndi nsalu ya pawindo yoti ndikapereke, ndiye tinapita limodzi. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma m'nyumbamo munali mdima. Mawindo onse anawatchinga ndi nsalu zakuda, mawaya anali pansi ponse, ndipo kukhitchini kokha n'kumene kunkawala getsi limodzi lachikasu, lotentha ngati mbaula. Bambo wina anagwira maikolofoni pandodo yaitali. Anatikodola kuti tiime pakhonde la mkati, tisayende.

Wafilimu anandinong'oneza kuti mawu amene analemba anawataya kalekale. "Ndimangowauza kuti chitani zimene mumachita."

Wazisudzo anali atakhala pasitulu, thaulo m'khosi, atavala malaya a a Ndikafunse. Amama anaima kumbuyo kwake ndi sizasi ndi chipeso. Kamera ankachita ngati sakuiona. Kwa nthawi ndithu kunkangomveka sizasi yokha.

"Makutu awa ndi a bambo ako," anayamba. "Ndikamawaona ndimamva kuzizira. Koma si mlandu wako."

Sizasi inalira.

"Adokotala anati tisankhe, mayi kapena mwana. Ine ndinati mwana. Anandidula kuyambira apa kufika apa." Anatenga dzanja la wazisudzo n'kuliyendetsa pamimba pawo, pamwamba pa diresi. "Unatuluka, inde. Koma kuchoka ayi."

Ndinamva kupuma pafupi nane kukusintha. Ndinayang'ana a Ndikafunse. Milomo yawo inkayenda limodzi ndi ya Amama, liwu ndi liwu, mwinanso kutsogola pang'ono.

"Mkazi uja wakuimbiranso?" anafunsa Amama.

Mufilimumo mwanayo analibe mkazi. Koma mkazi weniweni wa wazisudzo anali ataimba foni nthawi ya chakudya, ndipo onse m'nyumbamo anamva. Wazisudzo anaphethira, kenako anati, "Ee, amayi."

"Akufuna chiyani?"

"Palibe."

"Palibe," anabwereza Amama mokoma, ndipo sizasi inatseka pansonga ya khutu. Magazi anayenderera m'khosi mpaka pathaulo. Wa maikolofoni anayang'ana wafilimu, koma wafilimu sanaimitse. Amama anapanikiza bala ndi chala chachikulu, anachiyang'ana, n'kuchiika m'kamwa.

"Usalire. Ndili pano."

Wazisudzo anatsinzina n'kutsamiritsa mutu pamimba pawo. Ine ndaonerapo zisudzo zambiri, koma kuja sikunali kusewera. A Ndikafunse anali atagwira khutu lawo lakumanzere, ndipo m'kuwala kwa getsi lija ndinaona chimene sindinachione zaka zonse tinakhala moyandikana. M'mphepete mwa khutulo munali timipata tating'onoting'ono, topola kalekale, tondondozana ngati mano a sowo.

Anakonza mwendo wa sofa mwakachetechete. Amama anawapatsa moni ngati mmisiri aliyense wobwera kudzagwira ntchito. Titatuluka padzuwa anaima, atagwira chitsulo cha geti.

"Ndimayesa amandiuza ine ndekha," anatero.

Sindinadziwe ngati inali nsanje kapena mantha. Mwina eni akewo sanadziwenso.

Kujambula kutatha, a filimu anapinda mawaya awo n'kumapita, koma Amama sanabwerere kushopu. Anati atopa. Wazisudzo uja sanasiye kupita kunyumbako. Poyamba ankakawasiyira mankhwala, kenako ankadyera komweko, kenako tsiku lina kunagwa mvula ndipo anagona. A Ndikafunse anapeza munthu pabedi lawo, atafunda bulangete lawo. Patebulo mbale zinali zitatu, kenako zinabwerera pa ziwiri.

"Iwe umadya kunja masiku ano," anatero Amama. "Ndisamataye chakudya."

A Ndikafunse anayamba kugona kushopu, pamasofa a makasitomala, mpaka anapeza chipinda cha lendi pamwamba pa sitolo ya utoto. Ndinkayesa asangalala, ndipo masiku ena ankasangalaladi. Ankaimba limodzi ndi wailesi, mawu ake osawadziwa. Koma masiku ena ankaima pakati pa shopu ndi nsalu ziwiri m'manja, yabuluu ndi yotuwa, mpaka ine n'kulowa kudzawalozera.

Tsiku lina kunafika mkazi atabereka mwana kumbuyo, maso atatupa. Anali mkazi wa wazisudzo.

"Mwamuna wanga ali kunyumba kwanu," anatero. "Ndikapita, amayi anu amandilandira bwino, amandipatsa tiyi, amati wagona, asamudzutse. Foni yake amayankha ndi iwo. Kuntchito akumufuna, mwana akumufuna. Bambo, tandiuzani, amayi anu ndi munthu wotani?"

A Ndikafunse anayang'ana mwana uja, amene anali atayamba kulira.

"Ndi amayi abwino," anatero. Kenako anapukuta manja pa epuloni n'kuwonjezera kuti, "Ndiyesa kuyankhula naye."

Anakumana ndi wazisudzoyo ku famase, akugula mankhwala a mtima a Amama. Anali atanenepa, tsitsi atalimeta lalifupi, pakhutu pali pulasitala watsopano. Chiseko chija munalibe.

"Mkazi wanu anabwera. Mwana akulira. Pitani kwanu, ngakhale lero lokha."

"Ndamva," anatero wazisudzo, akumwetulira mopepesa. "Ndikafunse kaye amayi."

A Ndikafunse anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akuwanyoza. Sankawanyoza. Atabwerera kushopu anaimbira mkazi uja ine ndili pomwepo. "Pitani mukamutenge mawa. Mupite ndi alongo anu. Musalowe m'nyumba, musakhale pansi, tiyi musamwe."

Anapitadi ndi alongo ake awiri, masana anthu akuona. Oyandikana nawo anasimba kuti wazisudzo anakakamira felemu ya khomo ngati mwana amene akumutengera ku jakisoni, ndipo anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Amama sanaletse. Anaima pakhonde, anapatsa mkazi uja kontena ya chakudya chapaulendo, n'kubayibitsa galimoto mpaka inakhota. Kwa amene anabwera kudzawapepesa anati, "Anali mlendo chabe. Mwana wanga ndili naye."

Filimu inatuluka miyezi ingapo pambuyo pake. Anaionetsa masana muholo yaing'ono ya pamwamba pa laibulale, ya mipando yolira ukakhalapo. Anthu sanali ambiri, ndipo ambiri mwa iwo anali a magalasi ndi masikafu m'khosi ngakhale kunkatentha. Wazisudzo sanabwere. Amama anakhala kutsogolo atavala diresi yatsopano. Ine ndi a Ndikafunse tinalowa magetsi atazimitsa kale, n'kukhala mzere womalizira.

Inali yochedwadi. Munthu akupukuta tebulo, munthu akupinda malaya, khomo lopanda chitseko likungooneka, palibe wolowa, palibe wotuluka. Poyamba achinyamata ena ankaseka. Kenako kuseka kunatha. Pofika pometa paja munalibe ngakhale wotsokomola, ndipo bambo wina wa patsogolo pathu anadzuka n'kutuluka atagwira pakamwa. Nyimbo munalibe. Choopsa chonse chinali m'mawu otsika aja, ofunsa ngati wamwa madzi.

Itatha, wafilimu anaitanira Amama kutsogolo ndipo anthu anaimirira kuwaombera m'manja. Mtsikana wina anakweza dzanja.

"Amayi, inu simunasewerepo chiyambire. Munakwanitsa bwanji kukhala chilombo chotere?"

"Chilombo chake chiti, mwanawe?" anatero Amama, anthu akuwerama kuti amve. "Ine ndaona mayi amene aliyense anamusiya, koma iye sanasiye mwana wake."

Holo yonse inaseka n'kuombanso m'manja, poganiza kuti akupitiriza sewero. Amama sanaseke. Anakweza maso pamwamba pa mitu yonse ija n'kulunjika mzere womalizira, kumene magetsi anali asanayatse. Sindikudziwa kuti anadziwa bwanji.

Amama sanawaitane a Ndikafunse kuti abwerere kunyumba. Sanaimbe foni, sanatume munthu. Sabata yotsatira ndikutsegula shopu ndinawaona patsidya pa msewu, pabenchi ya podikirira basi, atakhala mowongoka, mapazi pamodzi. Basi zinkabwera, zinkapita, iwo osakwera. Madzulo ananyamuka n'kumapita wapansi. Mawa lake analipo. Mkuja wake analipo.

Ndinawapititsira tiyi n'kuwafunsa ngati pali chimene akufuna.

"Ndikungodikira basi," anatero.

Sindinadziwe basi yake iti, ya matayala kapena ija yotsekera mawu.

Msewu unayamba kuyankhula. Azimayi omwe aja ankayamikira a Ndikafunse tsopano ankadutsa osapereka moni. "Munthu wamkulu kutaya mayi ake padzuwa," ankatero mokweza ali mwa ine, podziwa kuti akumva. Ena anabwera kudzatenga mipando yawo isanathe. A Ndikafunse anatembenuza tebulo logwirira ntchito kuti liyang'ane kukhoma. Anaonda, kolala n'kumawakulira. Munthu amene sankaphonya msomali anayamba kudzimenya chala. Koma sanawoloke, ndipo ine mumtima ndinkawachemerera.

"Akandiuza kuti bwera, nditha kukana," anandiuza tsiku lina. "Ndakonzeka, mawu ake ndili nawo. Koma sakundiuza."

Zinatha tsiku lina lotentha, mitambo italemera mvula osagwa. Amama ananyamuka pabenchi paja, anayenda pang'ono kulunjika kumsewu, n'kugwa. Sanagwe mwamphamvu. Anapindika pang'onopang'ono ngati nsalu yotsetsereka patebulo. Anthu anathamangira, wina akukupiza ndi nyuzipepala, wina akuitanitsa madzi. Kenako nkhope zonse zija zinatembenukira kushopu ya masofa.

A Ndikafunse anali ataima pakhomo, hamala ili m'manja. Ndinawagwira mkono.

"Achimwene, ndiitana galimoto, kuchipatala ndipita nawo ine. Inu khalani."

"Ndikudziwa chimene akuchita, achemwali," anatero, osandiyang'ana. "Ndachiona kambirimbiri."

"Ndiye khalani."

"Nanga lero zikakhala zoona?"

Anaika hamala pansi mosamala, n'kuwoloka. Anthu anawapatsa njira. Anagwada, anawanyamula Amama ngati mwana, mutu uli paphewa pawo, n'kutembenuka kulunjika kumene kumaima matakisi. Podutsa, nkhope ya Amama inayang'ana kwa ine. Maso anali otsegula, owala bwino, opanda chizungulire chilichonse. Anandiyang'ana ndithu, kenako anakweza zala ziwiri n'kuwongola kolala ya mwana wawo.

Kuchipatala anati ndi kutopa chabe, apume, asamakhale okha. Sabata yomweyo a Ndikafunse anabweza kiyi wa chipinda cha lendi chija. Wailesi anapatsa ometa. Makasitomala anabwerera, moni anabwerera, thupi nalo linabwerera. Ukawafunsa amati, "Tili bwino," ndipo amaoneka bwinodi. Wazisudzo uja ndinamva kuti zisudzo anasiya, akuyendetsa galimoto ya kampani ina ya mipando ya m'maofesi, ndipo akapatsidwa katundu wa mumsewu mwathu amasinthana ndi mnzake.

Wafilimu anabweranso chaka chotsatira. Anati filimu ija yaonetsedwa m'mayiko akutali, anthu akulemba za iyo, ndipo kwina akufuna Amama apite akawaone ndi maso. Tikiti ya ndege, hotela, zonse zakonzedwa. Anayankhula mwachangu, akuyang'ana pansi, ndipo kwa a Ndikafunse sanayang'aneko ngakhale kamodzi. Amama anamvetsera mpaka kumapeto, anamuthokoza, anamufunsa ngati akudya mokwanira chifukwa waonda.

"Koma ndimusiyire ndani mwanayu?" anatero. "Simukumuona mmene alili?"

Apo wafilimu anakweza maso n'kuwayang'ana. A Ndikafunse anagwedeza mutu kuvomereza. Anamuperekeza mpaka pakhomo n'kumuchenjeza za sitepe yosweka. Tsiku limenelo anatseka shopu dzuwa likadali pamwamba, chifukwa Amama anati kukubwera mphepo.